CRP inatsika koma phazi silinachire: lipoti la bambo wa shuga amene mitsempha ya m'mwendo inatsekeka

Lipoti ili ndi la bambo wa zaka 61 wa kuno ku Mulanje, amene tinawalandira pa chipatala chathu m'mwezi wa Julaye ali ndi chilonda cha kuphazi, ndipo tikuwaonabe mpaka lero. Ndalemba ndi chilolezo chawo. Dzina, mudzi ndi kumene ankagwira ntchito sinditchula. Ndikulembera anzanga a m'makiliniki a shuga ndi BP komanso a m'mawodi, makamaka tsopano pamene makina oyezera mapuloteni a m'magazi monga CRP (yosonyeza kutupa m'thupi), albumin (puloteni yochuluka kwambiri m'madzi a magazi) ndi HbA1c (yosonyeza shuga wa miyezi yapitayo) ayamba kupezeka m'zipatala zina za m'maboma. Manambala amenewa anatithandiza kwambiri pa bambowa, koma funso limene linagamula za mwendo wawo, loti kodi magazi akufika kuphazi, palibe puloteni imene inaliyankha.

Mbiri ya wodwala

Bambowa anali kapitawo pa esiteti ina ya tiyi mpaka pamene anapuma. Anawapeza ndi shuga zaka 9 zapitazo, BP inabwera pambuyo pake, ndipo akhala akumwa ma ARV kwa zaka zoposa 12. Pofika kwa ife anali pa 13A, ndiye kuti tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, ndipo pa kuyeza komaliza tizilombo sitinkaoneka m'magazi. A shuga ankamwa metformin 1000 mg kawiri pa tsiku ndi glibenclamide, a BP ankamwa HCTZ. Fodya wa chingambwe anayamba ali mnyamata ndipo sanasiyepo.

Chizindikiro choyamba chinabwera pafupifupi chaka ndi theka asanagonekedwe. Akamakwera kamtunda kopita ku tchalitchi, katumba wa mwendo wakumanzere ankakokana ndi kupweteka. Akaima pang'ono ululu unkaleka, akayambanso kuyenda unkabwerera pa mtunda wofanana. M'kabuku kawo ka kuchipatala dandaulo limeneli linalembedwa katatu, ndipo nthawi zonse anapatsidwa mankhwala ochepetsa ululu, ibuprofen kapena diclofenac. Iwo eni ankati ndi nyamakazi. Palibe tsamba limene likusonyeza kuti anavulidwapo nsapato.

Aliyense amene anagwirapo ntchito pa tsiku la kiliniki ya shuga akudziwa mmene mzere umatalikira. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa 2009 anapeza kuti 5.6 peresenti ya akuluakulu a m'Malawi anali ndi shuga ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu anali ndi BP yokwera, ndipo anthu amenewo ndi amene amadzaza mabenchi athu. Komabe kusiyanitsa nyamakazi ndi mitsempha yotsekeka sikufuna makina. Nyamakazi imapweteka molumikizira mafupa, imavuta munthu akangodzuka, ndipo kawirikawiri imapepukako akayamba kuyenda. Ululu wa mitsempha yotsekeka uli mu mnofu, umabwera poyenda, umachoka poima. "Ukuyamba mukatani? Ukuleka mukatani?" Mafunso awiri amenewa akanatembenuza nkhani yonseyi mwendo udakali wopanda bala.

Patapita miyezi ululuwo unasiya, ndipo banja linaganiza kuti achira. Zoona zake n'zakuti anasiya kuyenda mtunda, chifukwa ana anayamba kuwalipirira kabaza, komanso dzanzi la shuga linali litakwera mpaka pa akakolo.

M'nyengo ya chiperoni phazi lakumanzere linkazizira kwambiri usiku, ndipo ankaliwotha pa mbaula. Tsiku lina m'mawa mayi akunyumba anaona matuza pa zala ziwiri zakumapeto. Bambowa sanamve kanthu pamene ankapsa. Matuza ataphulika, wachibale anawatengera kwa sing'anga, amene anati anaponda za anthu ndipo anawatema mphini pamwamba pa phazi ndi mozungulira kakolo. Anafika kwa ife patatha masabata 3.

Zimene tinapeza

Thupi linali lotentha 38.4, BP 168/96, shuga 380 mg/dL, malungo analibe. Phazi linali lotupa mpaka pa kakolo, mafinya akutuluka pakati pa chala chachinayi ndi chachisanu, ndipo mphini zitatu zinali zitasanduka zilonda. Kachitsulo kofufuzira chilonda sikanafike pa fupa. Kaulusi ka 10 g koyezera dzanzi sanakamve pa mapazi onse awiri. Miyendo yonse inalibe ubweya kuyambira pakati pa msongolo kutsika, khungu linali lonyezimira, zikhadabo zokhuthala. Mtsempha wa m'mphechepeche ndi wa kuseri kwa bondo unkagunda mbali zonse. Wa pamwamba pa phazi ndi wa kuseri kwa kakolo kumanja unkamveka mofooka, kumanzere sunkamveka konse. Popeza phazi lotupa limabisa kugunda ngakhale mtsempha uli wabwino, tinalemba m'fayilo kuti tidzayezenso kutupa kukatsika, ndipo pasakhale wotulutsa wodwalayu kuyeza kumeneko kusanachitike.

Za ku labu zinali motere: CRP 146 mg/L, albumin 26 g/L, hemoglobin 9.6, creatinine (yoonera mmene impso zikugwirira ntchito) 1.6 mg/dL, HbA1c 7.4 peresenti, ndipo mkodzo unasonyeza puloteni 2+.

HbA1c ndiyo inali yoyamba kutikayikitsa. Munthu amene shuga wake wam'mawa m'kabuku wakhala pakati pa 220 ndi 280 kwa chaka sangakhale ndi 7.4. HbA1c ndi shuga womatirira pa hemoglobin, ndipo imadalira kutalika kwa moyo wa maselo ofiira. Maselowo akamafa msanga, monga zimachitikira ndi malungo obwerezabwereza kapena matenda a impso, nambalayi imatsika mopusitsa, ndipo mwa anthu a pa ma ARV imadziwika kuti nthawi zina imachepetsa shuga weniweni. Kuchepa kwa magazi kobwera ndi kusowa kwa ayironi kumatha kuikweza m'malo mwake. Tinakhulupirira kabuku ndi kamakina kobaya chala, HbA1c tinaiika pambali.

Creatinine inatipatsa ntchito ina. Pa msinkhu wawo, 1.6 ikupereka eGFR, nambala ya mmene impso zikusefera magazi, ya pafupifupi 49, pamalire pamene tenofovir, amene amatha kuvulaza impso, amayamba kukayikitsa. Koma dolutegravir payekha amakweza creatinine pang'ono osawononga impso, ndipo bambowa anali atamwa diclofenac masiku ambiri, ali ndi shuga wokwera ndi madzi ochepa m'thupi. Njira ina inali kuwasinthira ku 15A, mmene muli abacavir m'malo mwa tenofovir, koma abacavir wakhala akukayikiridwa pa matenda a mtima, ndipo munthu amene mitsempha yake yatsekeka kale sitinafune kumuthamangitsira kumeneko. Titakambirana ndi a ku kiliniki ya ma ARV tinagwirizana zopereka madzi, kusiya mankhwala opweteka impso monga diclofenac, n'kuyezanso. Patatha sabata creatinine inali 1.3, ndipo anakhalabe pa 13A. Puloteni ya cystatin C, imene nayonso imayeza impso, ikanatiyankha tsiku lomwelo chifukwa dolutegravir saisokoneza, koma sabata limodzi lodikira linapereka yankho lomwelo.

Chithandizo cha masiku oyamba chinali chodziwika. Ceftriaxone 2 g kamodzi pa tsiku ndi metronidazole 500 mg katatu zophera tizilombo, katemera wa kafumbata chifukwa cha kupsa ndi mphini, insulin m'malo mwa mapiritsi. Metformin tinaimitsa, ndipo ndikumbutse anzanga kuti dolutegravir amakweza mlingo wa metformin m'magazi, choncho wa pa 13A asapitirire 1000 mg pa tsiku. Bambowa ankamwa kawiri kuposa pamenepo. Mafinya sadikira, ndiye tinang'amba pakati pa zala tsiku lomwelo kuti atuluke. Amene anang'amba analemba mawu atatu amene pambuyo pake anadzakhala ofunika kuposa pepala lonse la ku labu: "Magazi atuluka ochepa." Tinayambitsanso aspirin 75 mg ndi atorvastatin 40 mg wochepetsa mafuta m'magazi, ndipo enalapril wa BP tinamuwonjezera impso zitakhazikika.

Pamene manambala ndi phazi zinasiyana njira

Pa tsiku la 7 CRP inali 31, pa tsiku la 12 inali 14. Kutentha kunatha, kutupa kunaphwa, shuga wam'mawa anatsikira pansi pa 170. Bambowa anamva tikuyamikira zotsatirazo pa raundi, ndipo anandifunsa kuti, "Adokotala, mwati magazi ayera. Nanga ine ndikudikira chiyani pano? Kunyumba kuli nandolo wofuna kukolola."

Funso lawo linali lomveka, koma phazi linkanena zina. Zala ziwiri zija zinali zitada n'kuuma. Pamene tinang'amba paja panali potuwa, popanda mnofu wofiira watsopano, ndipo m'mphepete mwake simunkayenda. Namwino wa usiku anatiuza chinthu chimene ife a masana sitikanachiona: bambowa sankagona chogona. Ankakhala m'mphepete mwa bedi mwendo uli lende mpaka kucha. Titawafunsa anati, "Ndikaugoneka umandiluma kuzala, ndikautsitsa umaleka." Umenewo ndi ululu wa phazi losowa magazi ngakhale munthu ali phee. Pa magawo a Fontaine, oyezera kukula kwa matenda a mitsempha ya m'miyendo, ululu wotere ndi gawo lachitatu, ndipo zala zakufa ndi gawo lachinayi, lomaliza.

Apa m'pofunika kumvetsa chimene CRP imayeza. Ndi puloteni yopangidwa m'chiwindi thupi likamalimbana ndi tizilombo kapena kutupa kulikonse. Imakwera m'maola ochepa, ndipo choyambitsa chikachoka, theka lake limachoka m'magazi pa maola pafupifupi 19. Kutsika kuchokera 146 kufika 14 kunatiuza kuti mankhwala agonjetsa tizilombo, basi. Chala chimene chafa n'kuuma sichikweza CRP kwambiri. Phazi likhoza kumafa mwakachetechete pepala la ku labu likuoneka bwino tsiku ndi tsiku.

Anzanga ena amawerenga kuti mapuloteni a m'magazi amalosera matenda a mitsempha ya m'miyendo, ndipo n'zoona. Mu 1998 gulu la Paul Ridker ku Boston linasonyeza kuti mwa madokotala aamuna a ku America amene anayamba kutsatiridwa ali athanzi, amene CRP yawo inali yokwererapo ndi amene anadzadwala kwambiri matendawa. Kafukufuku wa ku Edinburgh anapeza zofanana pa mapuloteni ena, fibrinogen ndi interleukin-6, ndipo mu 2007 ofufuza a ku Stanford anatchula beta-2 microglobulin. Koma tione bwino zimene ankayerekeza. Pa CRP yoyezera chiopsezo cha mtima ndi mitsempha, nkhani ili pa kusiyana kwa pansi pa 1, pakati pa 1 ndi 3, ndi pamwamba pa 3 mg/L, mwa munthu amene sakudwala china chilichonse tsiku loyezedwalo. Wodwala wathu wa ku Mulanje kapena ku Thyolo amabwera ndi HIV, malungo a mwezi watha, mano obooka, mwinanso TB, ndipo chilichonse mwa izi chimakweza CRP kudutsa malire amenewo. Beta-2 microglobulin imakwera ndi HIV komanso ndi impso zofooka, ndipo bambowa anali nazo zonse ziwiri. Mapuloteniwa amatiuza kuti gulu la anthu otere lili pa chiopsezo chachikulu. Satiuza mtsempha umene watsekeka, pamene watsekekera, kapena ngati bala ili lipola.

Ndiye tinabwerera ku phazi ndi kamakina ka Doppler, komvetsera kuyenda kwa magazi m'mitsempha, kuti tiyeze BP ya pa mkono ndi ya pa akakolo. Pa mkono tinapeza 150. Pa kakolo wakumanja tinapeza 215, zimene zikupereka ABI, ndiye kuti BP ya pa kakolo yogawidwa ndi ya pa mkono, ya 1.43. Kumanzere tinapopa lamba woyezera BP mpaka kudutsa 220 koma phokoso la mtsempha silinazime. Munthu wothamanga akanalemba kuti magazi akuyenda bwino, popeza tinaphunzira kuti matenda ali pa 0.9 kutsika. Koma ABI yopitirira 1.4 mwa munthu wa shuga ndi impso zofooka imatanthauza kuti khoma la mtsempha lalowa kashiamu n'kuuma ngati kansungwi, moti lamba sangaufinye. X-ray ya phazi inatsimikiza zimenezo: mafupa anali abwino, koma mitsempha ya pakati pa mafupa a phazi inkaoneka mizere yoyera, chinthu chimene mtsempha wabwino suchita. Khutu linatiuzanso zambiri kuposa nambala. Phokoso la kumanzere linali limodzi lofooka lokokeka, osati kugunda kwa magawo awiri kapena atatu kwa mtsempha wathanzi.

Chimene chinatipatsa nambala yodalirika ndi njira yokweza mwendo, imene sifuna lamba konse. Wodwala amagona chagada, Doppler imakhala pa mtsempha wa pa kakolo, mwendo umakwezedwa pang'onopang'ono, ndipo umayeza ndi tepi kutalika kumene phokoso lazimira kuchokera pa mlingo wa mtima. Masentimita 13 amafanana ndi pafupifupi 10 mmHg. Kumanzere phokoso linazima pa masentimita 40, ndiye kuti pafupifupi 30 mmHg. Malangizo a IWGDF, gulu la akatswiri a padziko lonse a matenda a phazi a anthu a shuga, amati mphamvu ya pa kakolo ikakhala pansi pa 50 mmHg, bala ndi lovuta kupola ndipo mitsempha iyenera kujambulidwa mwamsanga. Phazilo litakwezedwa linayera mbuu, litatsitsidwa linafiira mochedwa. Kumanja phokoso silinazime mpaka pamene mwendo unalekezera kukwera.

Chifukwa chimene sitinadule zala

Pa zokambirana zathu panali maganizo oti tidule zala ziwiri zakudazo, tisoke, bambowa apite kwawo. Maganizowo anali ndi chifundo mkati mwake, chifukwa banja linali litatopa ndipo ndalama za chakudya cha wodikirira zinali zitatha. Ine ndinakana, ndipo ndikanakanabe lero. Mpeni ukadula pamalo pamene pakufika 30 mmHg, umasiya bala lalikulu kuposa limene unapeza, ndipo bala limenelo silipola. Mwezi wotsatira umadula pakati pa phazi, kenako pa kakolo, ndipo pofika pa bondo munthu watha mphamvu, albumin yatsikiratu, nthawi zina bondo lomwe silipulumuka. Albumin ya 26 inali chifukwa china chodikirira. Mlingo wabwino ndi 35 mpaka 50, ndipo pansi pa 30 mabala a opaleshoni amavuta kupola.

Tinasankha kusunga zalazo zouma: kupaka povidone iodine, osanyika m'madzi, thonje pakati pa zala, chidendene chisakhudze matiresi, mwendo usakwezedwe pa pilo. Kenako tinawatumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre ndi kalata yolemba zonse, kuphatikizapo masentimita 40 aja. Sikani ya mitsempha inasonyeza kuti wa m'ntchafu unali wopanikizika koma wotseguka, wa kuseri kwa bondo unali wotseguka, koma itatu ya m'munsi mwa bondo inali yotsekeka pa mtunda wautali, popanda polumikizapo njira yolambalala. Madokotala a opaleshoni analangiza kudula pansi pa bondo.

Bambowa sanavomere, ndipo mayi akunyumba sakanavomera m'malo mwawo. Kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo nkhani ya kudula mwendo siingathe popanda alongo ake ndi eni mbumba. Mayiwo anandiuza poyera kuti, "Adokotala, ine ndikasaina, mawa akwawo adzati ndinawadulitsa ndine." Sitinawakakamize. Tinapempha kuti alongo awo abwere, tinawaonetsa X-ray, ndipo tinawamvetsera phokoso la Doppler pa mwendo wa mmodzi wa iwo kenako pa mwendo wa mchimwene wawo. Anapempha nthawi yoti akakambirane kumudzi.

Nthawi imeneyo sinapite pachabe. Bambowa anapita kunyumba pa insulin, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo akuwayendera, ndipo ankabwera sabata iliyonse kudzaonetsa phazi ndi kuyezetsa CRP. Tinakonza chakudya ndi zimene banja likanakwanitsa: nandolo wawo yemwe uja, usipa, mazira, soya, nsima yamgaiwa yochepa. Albumin inakwera kufika 31. Sindinganene kuti ndi chakudya chokha, chifukwa albumin imatsika thupi likatupa ndipo imakwera yokha kutupa kukatha, pang'onopang'ono, popeza theka lake limatenga pafupifupi masiku 20 kuti lisinthike. Inanso inkatayika mu mkodzo. Komabe 31 inali malo abwino kuyambirapo opaleshoni kuposa 26.

Apa ndi pamene CRP inagwira ntchito imene imaidziwa. Masabata awiri oyamba inali 12 ndi 11. Sabata lachitatu inali 58. Thupi silinatenthe, bambowa ankati akumva chimodzimodzi, koma titavundukula tinapeza kuti malire a pakati pa chakuda ndi chamoyo anyowa ndipo kafungo kayamba. Anthu a shuga ambiri satentha thupi ngakhale phazi likuwola, ndiye kukwera kumeneku kunali chenjezo lenileni. Tinawagoneka tsiku lomwelo, tinayambanso majekeseni, ndipo tinauza banja kuti nthawi yokambirana yatha, chifukwa kuchedwa kukanatengera bondo kapena moyo. Alongo awo anavomera, bambowa anasaina okha.

Zotsatira

Mwendo unadulidwa pansi pa bondo. Minofu ya pamalo odulapo inatuluka magazi bwino, monga mmene kugunda kwa kuseri kwa bondo kunalonjezera. Anathiridwa magazi, zimene zinachititsa kuti HbA1c ikhale yopanda ntchito kwa miyezi itatu yotsatira. Ngodya imodzi ya chitsa inachedwa, koma pofika sabata la 7 chinali chitapola chonse. Kusunga bondo si nkhani yaing'ono kwa munthu wa zaka 61 wokhala m'dera la zitunda, chifukwa kuyenda ndi mwendo woikirira kumatopetsa kwambiri bondo likapita.

Kuyambira pamenepo wodwala wathu weniweni ndi mwendo wakumanja, umene tsopano ukunyamula thupi lonse uli ndi matenda omwewo. Mbaula ili kutali ndi bedi, usiku amavala masokosi. Mayi akunyumba amaona pansi pa phazi ndi pakati pa zala madzulo alionse. Patapata anasiya, amavala nsapato yotseka yotakasuka. Diclofenac tinamulemba pachikuto cha kabuku kuti asapatsidwenso. Chingambwe chinavuta kuposa zonse, ndipo anabwererako kawiri asanasiyiretu. Aspirin ndi atorvastatin tinawafotokozera kuti si za mwendo wokha, popeza anthu a matenda amenewa ambiri amafa ndi mtima kapena sitiroko.

Pa kiliniki yathu tsopano aliyense wa shuga amavula nsapato asanalowe m'chipinda, ndipo amafunsidwa ngati pali mtunda umene kale ankayenda koma anasiya. Amene mkodzo wake wasonyeza puloteni timamuika patsogolo pa Doppler, chifukwa impso zikayamba kutaya puloteni, mitsempha ya kwina nayonso imakhala itayamba kuwonongeka. Mwa mapuloteni onse, imeneyi ndi yotchipa kwambiri kuyeza, ndipo mwa bambowa ikanaoneka kale dandaulo la katumba lisanalembedwe kachitatu.

Patatha miyezi 6 chichitikire opaleshoni, hemoglobin inali 12.4, albumin 36, creatinine 1.3, puloteni ya mu mkodzo 1+, BP 136/82. Shuga wam'mawa ali pakati pa 130 ndi 150 pa insulin ndi metformin 500 mg kawiri, ndipo HbA1c ndi 7.8, yokwera kuposa ya poyamba ngakhale shuga watsika kwambiri, chifukwa tsopano ikuyeza zoona. CRP yakhazikika pa 6. Ndi yopitirira 3, koma palibe mankhwala ena amene nambalayo ikutiuza kuwonjezera pa amene akumwa kale. Phazi lakumanja lilibe bala, akuyenda ndi ndodo, ndipo akudikira kukayezedwa mwendo woikirira ku Blantyre. Timawaona mwezi uliwonse, ndipo miyezi itatu iliyonse timabwereza kuyeza kokweza mwendo. Phokoso likadzayamba kuzima pansi pa masentimita 65, ndiye kuti pafupifupi 50 mmHg, kapena akadzayamba kutsitsa mwendo usiku, tidzawatumizanso kwa a opaleshoni bala lisanaoneke.